Dirowa yachitatu

Anandiitana Lachiwiri,
chipale chofewa chitakwirira msewu wochokera ku Duluth.
Ndinafika mochedwa, nsapato zili chonyowa.
Orrin Halvorsen, chipinda cha kumapeto,
mendulo ziwiri m'kabotolo ka jamu pawindo,
mwendo wakumanzere unatsala ku Vietnam.

Analoza chitseko. Ndinatseka.
Analozanso. Ndinakoka katani.

“Belu ili,” anatero, “usiku limasanduka chidole.
Ndimadina, ndimadina, mpaka bedi kunyowa,
kunja n'kucha ndili momwemo ngati khanda.
Koma dzina langa musalembe, mayi.
Amene ndikumudandaulayu ndi yemweyo amanditembenuza,
ndi yemweyo amandimeta ndevu,
lezala ali pakhosi apa.”

Ndinamupatsa nambala m'malo mwa dzina: 214.
Anaseka mpaka kutsokomola.
“Kunkhondo ndinali nambala, pano nambalanso.
Komabe iyi ndaikonda.”

Lachisanu bwana wa nyumbayo, Prescott,
anandithirira khofi ndi dzanja lake.
“Tithandizane, Marisela. Ndani wadandaula?
Tingofuna kumusamalira bwino.”
Ndinati mabelu a mbali ya kumpoto salira usiku,
akonzedwe onse.
Iye anasuzumira m'khonde,
maso akuwerenga zitseko khumi ndi zisanu ndi zitatu,
ine ndinamwa khofiyo pang'onopang'ono
kuti nkhope yanga isaloze kulikonse.
Unali wowawa. Ndinamaliza kapu yonse.

Anakonza. Analemba ntchito namwino wina wa usiku.
Orrin anagona powuma milungu isanu ndi umodzi,
ndipo mu Malichi, madzi oundana akusweka panyanja,
anapita.

Mwana wake Britta anandipeza pamalo oimika galimoto
atanyamula katoni ya majuzi.
“Bambo ankakukhulupirirani.
Ife zaka makumi asanu sanatiuze kanthu,
ankangodzuka pakati pa usiku n'kukakhala m'galaja.
Anakuuzani chiyani?”

Anandiuzadi.
Nkhani ya belu itatha sanandilole kunyamuka.
Panali mtsinje, panali munda wa mpunga,
panali wina wamng'ono kuposa mdzukulu wake.
Zotsalazo sindinena, ngakhale pano.
Silinali dandaulo, linalibe fomu yake,
ndinangoika cholembera pansi n'kumvetsera
mpaka mpweya wa m'botolo lake unayamba kulira.
Pomaliza anagwira mkono wa jekete yanga:
“Izinso, mayi. Makamaka kwa Britta.”

Choncho ndinayang'ana katoniyo
n'kunena kuti sindingathe.
Anandiyang'ana ngati wakuba
amene wamupeza ndi katundu wamasiye.
Mwina ndine amene.
Anatseka chitseko cha galimoto mwamphamvu
moti chipale chinayoyoka padenga.

Fayilo ili m'dirowa yachitatu ya kabati yachitsulo,
kiyi ndimayenda naye m'thumba, pamodzi ndi magolovesi.
Zaka zikakwana, makina adzaing'amba timizere timizere,
214 adzasakanikirana ndi 215
mpaka wina osadziwikanso.
Paja amati mlandu suwola. Pepala limawola.
Koma zimene sindinalembe zilibe makina ake.
Ndimapita nazo kusitolo,
ndimaima nazo pamzere wa mkaka,
zimakhala nane pampando wa kutchalitchi
anthu akamapatsana moni wa mtendere.

Madzulo mwamuna wanga amafunsa, kuntchito kunali bwanji?
Ndimati kunali kozizira.
Iye anazolowera, amangondisunthira mbale.

Mawa ndili ndi wina, chipinda chachinayi,
mayi amene ankayendetsa magalimoto a asilikali m'chipululu.
Pafoni wanong'ona kuti ndibwere ndekha.

Ndipo inu amene mwamva zonsezi,
musavutike kukafufuza kumanda a asilikali.
Dzina lake silinali Orrin.
Mwendo sunali wakumanzere.